Nkhwangwa, Macheka ndi Sowo ya Injini Kumadzulo kwa Lilongwe

Munthu woyenda pa mseu wa ku Mchinji, akafika cha ku Mpingu kapena ku Namitete, nthaŵi zina amamva sowo ya injini ikulira kuseri kwa mudzi, ndipo ambiri amafulumira kunena kuti makina ameneŵa ndiwo anatha nkhalango za kuno. Mbiri ikunena zosiyana pang'ono. Sowo ya injini inafika mochedwa, inapeza mitengo yambiri itagwa kale.

Chida chakale ndi nkhwangwa, imene osula ankaisula pa mvukuto. M'zaka zoyambirira za m'ma 1920, mzungu wina dzina lake A. F. Barron anatsegula munda wa fodya ku Mbabzi, ndipo iye ndi mnzake Wallace anayamba kugaŵira alimi a m'midzi mbeu ya fodya wa chikopa. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira malondawo. Tsono chikopa ndi fodya wochiza ndi utsi. Mlimi aliyense anafunika milimo ya chigafa ndi nkhuni zofukiza, chaka ndi chaka, kuyambira ku Nsaru mpaka kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Mombo, mtondo ndi tsamba zinagwa ndi nkhwangwa, mtengo umodzi umodzi, popanda phokoso loti munthu nkudabwa nalo. Ntchito ya Lilongwe Land Development Programme imene inayamba mu 1968 inatsegula miseu ndi misika, minda nikula. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, njerwa zootcha ndi makala zinayamba kudya zotsalazo.

Matabwa okha anali ndi amisiri ake, anthu a macheka. Iwo ankakumba dzenje, kapena kumanga thandala, nagoneka chipika cha mlombwa kapena m'baŵa pamwamba pake. Ankalemba mzere pomenyetsa chingwe choviika m'makala osinja. Wina ankaima pamwamba kukoka macheka, mnzake ali pansi, utuchi ukumgwera kumaso tsiku lonse. Koma luso lenileni linali pa kunola. Dzino lililonse ankalipala ndi tupa, kenaka nkumapinda mano mosinthanitsa, ili kumanja ili kumanzere, kuti mpata utakasuke ndipo chitsulo chisamatidwe ndi mtengo. Wonola molakwa ankacheka thabwa lokhota, ndipo kalipentala wodziŵa ntchito, monga amene amaphunzira pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete, sakanalilandira.

Makina amene tikumva lerowa anabadwira kutali. Ku Germany, Andreas Stihl anapanga sowo yoyendera magetsi mu 1926, ndipo ya petulo mu 1929, koma inali yolemera kotero kuti inkafuna anthu aŵiri. Mu 1947, ku America, Joseph Cox anakonza unyolo wa mano okhota, umene amisiri amati tcheni, ataona mmene mphutsi ya kachilombo kofumbula mitengo imadyera nkhuni ndi zibwano zake ziŵiri. Maonekedwe a mano a sowo mpaka lero ndi omwewo. Stihl anatulutsa sowo ya munthu mmodzi yotchedwa Contra mu 1959, ndipo mu 1968 kunabwera mdzukulu wake, 070, ya injini ya 106 cc. Kwawo ku Ulaya inasiyidwa kalekale, koma iyo ndi zina zopangidwa moitsanzira zikugwirabe ntchito m'maiko ambiri a mu Africa, chifukwa ilibe zamagetsi zovuta: munthu wodziŵa kukonza njinga yamoto angathe kuimasula yonse ndi masipanala oŵerengeka.

Kusamala sowo yakale kuli ndi malamulo ake. Injini yake ilibe mosungira oyilo, motero oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Zakale zinkafuna muyeso umodzi wa oyilo pa miyeso 25 ya petulo, pamene zatsopano zimafuna umodzi pa 50. Woumira oyilo amapsereza pisitoni m'maŵa umodzi wokha. Sefa ya mpweya ikatsekeka ndi utuchi injini imatsamwa, ndipo m'dziko lafumbi ngati lathu m'miyezi ya chilimwe, iyenera kutsukidwa tsiku ndi tsiku. Chitsulo chimene unyolo umayendapo chimatembenuzidwa kaŵirikaŵiri kuti chisadyeke mbali imodzi. Koposa zonse, pali kunola komwe kuja kwa anthu a macheka: dzino ndi dzino, onse alingane, apo ayi thabwa likhota.

Ndi pa kunola pomwepo pamene ocheka amasinthira makinawo. Sowo imeneyi anaipangira kudula mtengo mopingasa, mano ake atapendeka madigiri ngati 30. Wofuna kung'amba matabwa motsata utali wa chipika amanola manowo kuti apendeke pang'ono chabe, madigiri ngati 10. Kumeneko ndi kusintha kwanzeru. Kusintha kwina nkoipa: kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kamutu koletsa dzino kuluma mozama, ndipo ena amakapala kwambiri pofuna liŵiro. Sowo yotero imadumpha nkubwerera kwa mwini wake, ndipo zambiri zakalezi zilibe buleki yoimitsa unyolo. Tiyeneranso kunena kuti sowo ya injini ndi yoononga: mpata umene imadya umayandikira sentimita yathunthu, kotero kuti pa chipika chimodzi matabwa angapo amasanduka utuchi, pamene macheka aja ankadya pang'ono.

Nanga lero ikucheka chiyani? M'midzi yambiri ya kuno mlombwa wokhwima ndi wosoŵa. Yatsala mitengo ya bulugamu yobzala, ya mango, ndi misitu ya kumanda imene mwambo ukuiteteza. Kupitirira apo pali Dzalanyama, nkhalango imene inaikidwa m'manja mwa boma mu 1922, gwero la mtsinje wa Lilongwe ndi madzi amene mzinda umamwa. Mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akaletse ootcha makala, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso, zilango zake nkukhwimitsidwa. Ntchito imene anthu aŵiri a macheka ankathera masiku, sowo yonoledwa bwino imaitha dzuŵa lisanapendeke, koma mlombwa umafunabe zaka makumi angapo kuti ufike pochekedwa thabwa.