Liwu lakuti kona ndi matanthauzo ake

Liwu lachingerezi lakuti "corner", lomwe anthu ambiri amalitchula kuti kona, linachokera ku liwu lachilatini lakuti "cornu", lotanthauza nyanga. M'Chinyanja liwu loyandikana nalo ndi ngodya, koma m'matauni a m'chigawo cha Copperbelt olankhula Chinyanja ndi Chibemba omwe amangoti kona.

M'komboni ya Ipusukilo mumzinda wa Kitwe, kona ndi pamphambano pomwe misewu iwiri yakumana. Ndi malo amene ogulitsa makala ndi ndiwo zamasamba amakonda kuyalapo malonda awo, ndipo wolondolera mlendo njira amawerenga makona.

Okonda mpira wamiyendo amalidziwa liwuli mwanjira ina. Kona imaperekedwa pamene mpira watuluka kumzere wa golo utakhudzidwa komaliza ndi wosewera wa timu yomwe ikuteteza. Lamuloli linalowa m'malamulo a bungwe la mpira la ku England m'chaka cha 1872, ndipo kuyambira mu 1924 chigoli cholowa mwachindunji kuchokera pakona chimawerengedwa. Pa masewera a Nkana ndi Power Dynamos, matimu akuluakulu a mu Kitwe, kona imodzi imaimiritsa bwalo lonse. Pa nkhonya, kona ndi pomwe womenya amapumira ndi kumva malangizo a mphunzitsi wake.

Tanthauzo limene silimveka kawirikawiri ndi la zamalonda, ngakhale kuti ndilo linakhudzapo chuma cha kumigodi. Pachingerezi liwuli limanenanso za kupanikiza munthu mpaka asowe kothawira. Pamsika, wamalonda akagula gawo lalikulu la katundu wina, kotero kuti ofuna katunduyo akakamizike kugula kwa iye pamtengo umene wafuna, amati wauika msikawo pakona.

Izi zinachitika ndi mkuwa. Yasuo Hamanaka, yemwe anali mkulu wa malonda a mkuwa pakampani ya Sumitomo ya ku Japan, anakhala zaka zambiri akukweza mtengo mwa njira imeneyi pamsika wa London Metal Exchange. Anzake ankamutcha "Mr Five Percent" poti ankati m'manja mwake mumadutsa magawo 5 pa 100 alionse a mkuwa wa padziko lonse.

Nkhaniyi itaululika mu June 1996, mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri m'masabata ochepa. Sumitomo inataya ndalama zokwana madola 2.6 biliyoni a ku America, ndipo mu 1998 khoti linalamula kuti Hamanaka akhale m'ndende zaka 8.

Panthawiyo migodi ya Nkana ndi ina ya ku Copperbelt inali m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM, yomwe inali kale pamavuto a ngongole, ndipo ndalama zambiri zakunja za dziko la Zambia zinkachokera ku mkuwa. Boma linatsiriza kugulitsa migodi ikuluikulu m'chaka cha 2000, pamene mgodi wa Nkana unapita ku kampani ya Mopani.