Mathiraki a flatbed ku America: katundu ngosiyanasiyana, koma opanga thiraki atsala anayi

Mwa mathiraki onse oyenda m'misewu ikuluikulu ya dziko la America, a flatbed ndiwo sabisa chimene anyamula. Ngolo yake ndi thandala chabe, lopanda zipupa ngakhale denga, ndipo pamakwezedwa katundu yemwe sangalowe pakhomo la ngolo yotseka: matabwa, mapaipi, zitsulo zomangira nyumba ndi milatho, mathirakitala komanso makina a m'fakitale. Katunduyu amaikidwa ndi makina kuchokera m'mbali kapena pamwamba. Akangokhala pathandalapo, zotsala zonse zili m'manja mwa dalaivala.

Ngolo zambiri za mtunduwu n'zotalika mamita 14.6 kapena 16, ndipo m'lifupi ndi mamita 2.6. Lamulo la boma lalikulu la dzikolo limati thiraki, ngolo ndi katundu zikaphatikizidwa zisapitirire mapaundi 80 000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 36 300, pokhapokha patakhala chilolezo chapadera. Mukachotsapo kulemera kwa thiraki ndi ngolo, pamatsala matani 21 kapena 22 a katundu. Choncho kilogalamu iliyonse yoonjezereka pa thirakiyo ndi kilogalamu yochotsedwa pa katundu wolipiridwa.

Dalaivala wa ngolo yotseka akatseka chitseko amanyamuka. Wa flatbed amayamba wagwira ntchito ya thukuta. Amaponya malamba pamwamba pa katundu n'kuwakunga, amamanga matcheni pa zitsulo, amaika zotetezera m'makona kuti lamba asadulidwe, kenaka amakwera pamwamba kukafunyulula malona, omwe limodzi lokha limatha kulemera makilogalamu 40. Amachita izi kaya kuli mphepo, mvula kapena chipale chofewa, ndipo kugwa kuchokera pamwamba pa katundu ndi imodzi mwa ngozi zodziwika za ntchitoyi.

Nthambi ya boma yoona za chitetezo cha magalimoto onyamula katundu, ya Federal Motor Carrier Safety Administration, idaika malamulo a kamangidwe. Mphamvu ya malamba ndi matcheni onse pamodzi iyenera kufika theka la kulemera kwa katunduyo kapena kuposa. Dalaivala ayenera kuima n'kuunikanso zomangirazo asanathe makilomita 80 oyamba, kenaka pakatha maola atatu alionse kapena makilomita 240. Saloledwa kuyendetsa kuposa maola 11 mkati mwa maola 14 a tsiku la ntchito, ndipo nthawi imene wataya pomanga ndi kufunda katundu imadya m'maola 14 omwewo. Katundu woopsa kwambiri ndi mpukutu wa chitsulo, womwe umodzi umatha kulemera matani 20. Ukaikidwa moti ungagubuduzikire kutsogolo, madalaivala amautcha dzina lotanthauza kudzipha, chifukwa matcheni akaduka pomanga mabuleki mwadzidzidzi umalunjika kumene kwakhala dalaivala.

Ntchito yotere imafuna thiraki yosokedwa molingana ndi mwini wake. Wonyamula matabwa m'misewu yamatope ya kunkhalango safuna zofanana ndi wonyamula makina m'mapiri a Rocky. Kwa zaka zambiri, mwambo wa ku America udali woti wogula amasankha chiwalo chilichonse payekha: mutu wa Peterbilt kapena Kenworth, injini ya Caterpillar, Cummins kapena Detroit Diesel, bokosi la magiya 13 kapena 18 la Eaton Fuller, ndi zina zotero. Madalaivala okhala ndi thiraki yawoyawo, omwe ndi ambiri ndithu pa ntchito ya flatbed, ankadziwa injini imene makaniko wa kwawo angaikonze popanda vuto, ndipo ankagula imeneyo.

Mwambowu udayamba kutha pamene makampani adayamba kumezana. M'chaka cha 1981, Daimler-Benz ya ku Germany idagula Freightliner, ndipo Volvo ya ku Sweden idatenga White. Mathiraki aakulu a General Motors adalowa m'manja mwa Volvo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ford idagulitsa gawo lake la mathiraki aakulu kwa Freightliner mu 1997, gawolo lidapatsidwa dzina loti Sterling, koma lidatsekedwa mu 2009. Mu 2000 Daimler idagula Western Star komanso Detroit Diesel, ndipo chaka chotsatira Mack idakhala ya Volvo. Navistar, yopanga mathiraki a International, idagulidwa mu 2021 ndi Traton, yomwe ndi nthambi ya Volkswagen.

Lero maina akadali angapo pamsewu, koma eni ake ndi anayi okha: Daimler Truck, Paccar (mwini wa Kenworth ndi Peterbilt), Volvo ndi Traton. Mwa anayiwa, Paccar yokha ndiyo ili ndi likulu lake ku America.

Nkhonya yachiwiri idachokera ku malamulo a utsi. Bungwe la boma loteteza chilengedwe la Environmental Protection Agency lidakhwimitsa malamulowa mu 2007 ndi 2010, zomwe zidachititsa kuti mathiraki aikidwe sefa yogwira mwaye ndiponso thanki ya mankhwala a urea ochepetsa mpweya woipa. Kupanga injini yokwaniritsa zimenezi kudafuna ndalama zankhaninkhani. Caterpillar, yomwe injini zake zachikasu zidali zokondedwa kwambiri ndi onyamula katundu wolemera, idalengeza mu 2008 kuti isiya kupanga injini za mathiraki a pamsewu lamulo la 2010 lisanayambe. Navistar idayesa njira yakeyake yosagwiritsa ntchito urea pa injini za MaxxForce, koma zidakanika, ndipo mu 2012 idabwerera ku njira ya anzake itataya makasitomala ambiri. Paccar idayamba kuika injini zakezake za MX mu 2010. Wopanga injini zazikulu woima payekha adatsala mmodzi, Cummins, yemwenso mu 2022 adagula Meritor, kampani yopanga mabuleki ndi zitsulo zogwira matayala.

Zotsatira zake n'zakuti kampani iliyonse tsopano imakankhira wogula ku injini yake ndi bokosi lake la magiya losintha lokha, monga DT12 la Daimler, I-Shift la Volvo ndi mDrive la Mack. Magiya osintha ndi dzanja akusowa chaka ndi chaka, ndipo amene wayesedwa pa thiraki yosintha yokha laisensi yake imalembedwa kuti sangayendetse ya magiya a dzanja. Injini zamakono zimalamulidwa ndi kompyuta, moti vuto lina likabuka pamafunika pulogalamu ya kampani yomweyo kuti lidziwike. Kampani yokhala ndi mathiraki 1 000 ikhoza kupirira imodzi itagona pagalaja sabata yathunthu. Munthu wa thiraki imodzi, yemwe akubweza ngongole ya kubanki mwezi ndi mwezi, sabata imeneyo sapeza kanthu.

Sikuti zonse n'zodandaulitsa. Malamulo a 2007 ndi 2010 adadula mwaye ndi mpweya woipa wololedwa ndi pafupifupi 90 pa 100 iliyonse, phindu lenileni kwa anthu okhala m'mphepete mwa misewu ndi madoko. Mathiraki atsopano amamwanso dizilo wochepa. Koma amapangidwa poganizira kwambiri makampani aakulu okoka ngolo zotseka, pomwe mphepo imadutsa bwinobwino. Katundu wa flatbed alibe maonekedwe amodzi, ndiye zambiri zopulumutsira mafutazo sizimuthandiza mokwanira, pamene kulemera kwa zipangizo za utsi amakusenza ndithu.

Ena adapeza pothawira: kugula thiraki yatsopano yopanda injini, yotchedwa glider, n'kuikamo injini yakale yokonzedwanso. Lamulo la 2016 lidatsekereza njirayi poika malire a mathiraki 300 pachaka kwa opanga ang'onoang'ono kuyambira mu 2018.

Kuchepa kwa mitunduku kudafikanso kuno kummwera kwa Africa. Lamulo la 1982 litafewetsa malire a kutalika kwa thiraki yonse, anthu a ku America adayamba kusiya mathiraki a mutu wafulati, omwe dalaivala amakhala pamwamba pa injini. Freightliner Argosy, yomwe n'njodziwika m'misewu ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, idapitiriza kupangidwira maiko akunja mpaka mu 2020, pamene idasiyidwa. Ku America komweko, Peterbilt idasiya mtundu wa 389 n'kubweretsa 589, ndipo mu 2025 Kenworth idalengeza kuti W900, thiraki ya mphuno yaitali yomwe yakhala ikupangidwa kuyambira zaka za m'ma 1960, isiya kupangidwa mu 2026.