Mchere wa m'Chigwa cha Shire

Pamene David Livingstone ndi John Kirk anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 pa sitima yawo yotchedwa Ma Robert, napitirira madambo a njovu kufikira kumene migwalangwa ndi mivumo imayamba kuchuluka, anapeza Amang'anja ali pa ntchito imene makolo awo anaidziwa kuyambira kale, ndiyo yotulutsa mchere m'nthaka. Inali ntchito ya amayi makamaka, monga anafotokozera katswiri wa mbiri Elias Mandala m'buku lake la 1990 lonena za chigwachi. M'chilimwe, dzuwa litaumitsa madambo ndi kusiya dothi lotuwa pamwamba, mayi ankapala dothilo, nalithira mumphika wobowoka pansi umene anayalamo udzu, nathira madzi, monga momwe amatchezera chidulo. Ndipo madzi odontha pansiwo ankawawiritsa m'phale kufikira ataphwa, patsala mchere wofiirira umene ankauumba mibulu. Mibuluyo inkakwera kumapiri kukasinthanitsidwa ndi makasu, chakudya ndi zina, kotero kuti dera limene chimanga chinkakana linali nacho chuma chake.

Livingstone anaonanso kuti thonje linkakondwa pa nthaka yotereyi, ndipo sanalakwitse, pakuti thonje limapirira mchere koposa mbewu zambiri. Nyemba sizitero. Mchere ukachuluka umagwira madzi m'dothi, mizu nilephera kumwa ngakhale pansi pali ponyowa. Masamba amapsa m'mphepete, mbewu nipinimbira, mlimi n'kumadandaula chilala m'munda umene wauthirira dzulo lomweli. Sikunali kupusa kwa Abimeleki wa m'Baibulo, pamene anapasula mzinda wa Sekemu, kuwazamo mchere kuti pasameretsenso kanthu.

Mchere wa m'sitolo utafika m'nthawi ya atsamunda, woyera ndi wotsika mtengo, ntchito ya amayi ija inazirala pang'onopang'ono. Koma madzi saiwala khwawa: anthu ndiwo analeka kupala, mcherewo sunachoke. Unaonekera m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje, imene madzi ake amawawa kotero kuti amayi amailambalala kupita kumtsinje kumene kuli ng'ona. Unaonekeranso, ndipo apa mpamene ambiri sanayembekezere, m'nyumba za njerwa ndi simenti zimene tinkaziyesa zamuyaya. Khoma limayamwa chinyezi kuchokera pansi; chinyezicho chikauma chimasiya timiyala ta mchere m'ming'alu yosaoneka ndi maso, timene timakula chaka ndi chaka kufikira pulasitala atafufuma ndi kuyoyoka, njerwa zam'munsi n'kumanyenyeka ndi chala chokha. Konkire nayenso, ngakhale alimbe chotani, ali ndi adani awiri m'dothi limeneli: mchere wina umadya simenti yeniyeniyo, wina umalowa kufikira zitsulo zam'kati nizichita dzimbiri, ndipo dzimbiri potupa limang'amba mzati kuchokera m'kati. Mwininyumba amatukwana mmisiri kuti anaba simenti, pamene nthawi zina mmisiriyo cholakwa chake n'chakuti sanayale pepala lotchinga chinyezi pamaziko.

Ulimi wothirira, umene unakula m'chigwachi kuyambira minda ya nzimbe ya ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, uli ndi ngozi yomweyo, pakuti madzi othiriridwa popanda ngalande zowatulutsira amakweza madzi apansi, ndipo dzuwa la kuchigwa, limene silichita nthabwala, limawaphwetsa n'kusiya mchere pamizu. Lero lino ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikumangidwa kuti ithirire minda yambiri ya kumeneko, ndipo ngalandeyo ndi ya konkire, yodutsa m'nthaka imene agogo athu ankaphikamo mchere. Akuluakulu oyendetsa ntchitoyi ayeze dothi ndime ndi ndime, asankhe simenti yopirira mchere, akumbe ngalande zotulutsira madzi asanagawe minda. Ndipo asachite manyazi kufunsa nkhalamba za kwa Lundu ndi kwa Ngabu kuti mchere unkapalidwa pati, pakuti malowo zikuwakumbukira.