Mbereko: Mbiri ya Liwu ndi Chinthu Chake

Mayi wa ku Maravi wa zaka za m'ma 1700 akafuna choberekera mwana ankasankha pakati pa zinthu ziwiri: chikopa chofufuta cha mbuzi kapena cha gwape, ndi chiwondo chosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo. Mdzukulu wake wa lero amagula chitenje pa msika. Chinthucho chasintha, koma dzina lake, mbereko, lakhalabe, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka liwulo.

Liwuli lili m'gulu 9 la maina, ndipo linachokera ku mneni "-bereka" polandira m- kumayambiriro ndi -o kumapeto, monga momwe "-yimba" anabalira "nyimbo". Motero silitchula chikopa kapena nsalu, limatchula ntchito. Abale ake ali ponseponse: mbereko m'Chishona, imbeleko m'Chizulu ndi m'Chixhosa, mbeleko m'Chiswahili. Kusiyana kwa l ndi r kusatisokoneze, pakuti m'Chichewa ndi nkhani ya kalembedwe chabe, imene malamulo a Chichewa Board a 1973 anaikhazikitsa polamula r pambuyo pa e ndi i. Kufalikira kotereku kukusonyeza kuti tsinde lake ndi lakale kuposa malonda onse a nsalu zakunja.

Chochititsa chidwi kwambiri nchakuti "-bereka" amatanthauza zinthu ziwiri, kubala mwana ndi kumunyamula kumbuyo. Atumbuka ali ndi "-baba", Abemba "-paapa", matsinde ena ndithu, komabe matanthauzo awiriwo amayendera limodzi. Ine ndikuona kuti chimene zinenerozi zikugawana ndi ganizo lenileni, lakuti uchembere suthera pa tsiku lochira.

Nsalu inalowa pang'onopang'ono. Amang'anja a kunsi kwa Shire ankaomba okha nsalu za thonje, ndipo David Livingstone anawaona akutero mu 1859. M'zaka zomwezo amalonda a Chiyao ndi Chiswahili ankabweretsa merikani, nsalu ya ku America yodzera ku Zanzibar. Fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, chitenje chinayamba kupangidwa m'dziko momwemo. Mayi anali ndi zifukwa zomveka zochisankhira: chimachapika, chimauma msanga, ndipo mfundo yake pachifuwa imamasuka mosavuta mwana akafuna bere.

Chikopa sichinafe konse. Kwa Axhosa ndi Azulu imbeleko ndi dzinanso la mwambo wophera mwana mbuzi pomudziwitsa kwa makolo, ndipo kale chikopa cha mbuziyo ndicho chinkakhala choberekera. Ashona nawo analisunga liwuli m'mwambi wolangiza wofedwa mwana kuti asataye mbereko.

Kwathu kuno vuto ndi lina. M'matauni mumamveka kawirikawiri "patseni chitenje ndibereke mwana", kutanthauza kuti dzina la nsalu layamba kulanda malo a dzina la ntchito. Olemba madikishonale ayenera kufunsa agogo tsopano, makamaka za maina a zikopa ndi kafufutidwe kake, mawuwo asanatsale m'mabuku okha.