Mowa wakuda umene unkapita kwa mfumukazi ya ku Russia

Sabata ino ndakhala ndikuchonga mayeso a histole a Fomu 3, ndipo nditafika pa mutu wa malonda a ku Ulaya ndinakumbukira nkhani imene sindingaifotokoze m'kalasi. Ndi ya mowa wakuda bii wotchedwa imperial stout.

Nkhaniyi inayambira ku London m'zaka za m'ma 1700, kumene ankafulula mowa woderapo wotchedwa porter. Liwu lakuti stout pa nthawiyo linkangotanthauza kuti woledzeretsa kwambiri, choncho porter wamphamvu ankamutcha stout porter. Fakitale ya Henry Thrale ku Southwark, imene inagulitsidwa mu 1781 n'kuyamba kutchedwa Barclay Perkins, inkatumiza migolo ya mowawu pa sitima kudzera m'nyanja ya Baltic mpaka ku St Petersburg, kunyumba yachifumu ya Catherine the Great, amene analamulira kuyambira 1762 mpaka 1796. Dzina lakuti Russian imperial stout linachokera pamenepo.

Ambiri amati mowawu ankaukalipitsa kuti usaundane paulendo. Ine sindivomereza. Nyanja ikaundana sitimanso siyenda, ndiye migolo ikanafika bwanji? Chifukwa chomveka n'chakuti mowa wamphamvu suonongeka msanga, komanso ogulawo ankaukonda choncho.

Kuda kwake kumachokera ku chimera cha balere chokazinga. Mu 1817, Daniel Wheeler anapanga chipangizo chokazingira chimera mpaka kuda ngati khofi osachipsereza. Kuyambira pamenepo, chimera chakuda chochepa chabe chinkakwanira kudetsa mgolo wonse.

Malonda a ku Russia anatha chifukwa cha misonkho ndi nkhondo. Kampani ya A. Le Coq inasamukira ku Tartu, m'dziko limene lero ndi Estonia, kuti izifulula komweko, koma nkhondo ya 1914 ndi kusintha kwa boma mu 1917 zinasokoneza zonse. Ku London mowawu unapitirira pang'onopang'ono. Barclay Perkins inaphatikizana ndi Courage mu 1955, ndipo patapita zaka ofulula ang'onoang'ono a ku America anautsitsimutsa.

Tsono kamwedwe kake. Mowa wa masiku onse umakhala ndi ukali wa 5 peresenti, pamene uwu umafika 10 kapena kuposa. Botolo limodzi ndi mabotolo awiri. Musaumwe wozizira kwambiri, chifukwa kuzizira kumabisa fungo. Thirani pang'ono m'tambula, dikirani, nunkhizani kaye. Mumva khofi, chokoleti chowawa, ndi kafungo ka shuga wopserera, kenako kutentha pakhosi.

Amene amagugudiza ngati ali pa mpikisano samva chilichonse mwa izi, amangodzuka mutu ukuwawa. Ndipo ngati ndinu mwana wasukulu wanga amene mwasochera n'kufika pano, gawo lanu ndi zaka zokhazo. Zilowezeni, Lolemba ndifunsa za Catherine.