Kupambana masewero 111 koma chikho osachiona: nkhani ya Dodgers

Anzanga a m'kalabu, sabata ino tisiye kaye mpira wa miyendo, ndikutengereni ku Los Angeles ku America komwe kuli timu ya baseball yotchedwa Dodgers. Ngati munasapotapo timu yomwe imakwapula aliyense mu ligi koma pa chikho n'kutuluka ngati masewera, nkhaniyi muimva bwino.

Choyamba mudziwe izi. Mu ligi ya MLB timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala. Mu Okutobala mumabwera ndime ya chipulula, ndipo pali gawo lina lomwe woyamba kupambana katatu wapitirira, winayo kwawo.

Mu 2022 Dodgers inapambana masewero 111, zomwe timuyi inali isanachitepo. Itakumana ndi San Diego Padres, yomwe inapambana 89 okha, inagonja 3-1. Chaka chotsatira inapambana 100, n'kukumana ndi Arizona Diamondbacks ya 84. Apa ndiye zinavuta zedi: 3-0, osapambana ngakhale kamodzi.

Mwina mukufunsa kuti chinalakwika n'chiyani. Mu baseball munthu wofunika kwambiri ndi woponya mpira, ndipo amene wayamba lero amapumula masiku anayi kapena asanu. Mu 2023 oponya odalirika monga Walker Buehler, Dustin May ndi Tony Gonsolin anali ovulala. M'ligi vuto lotere limabisika, chifukwa omenya mpira akachita bwino mumapambanabe, ndipo mukagonja lero mawa kulinso mpira. Pa chipulula palibe mawa. Clayton Kershaw, katswiri amene anasewera moyo wake wonse ku Dodgers, anamenyedwa mapointi 6 atangotulutsa munthu mmodzi, masewero n'kutha 11-2. Pa masewero achitatu Lance Lynn anamumenyera ma home run anayi m'chigawo chimodzi. Nanga omenya aja? Mookie Betts ndi Freddie Freeman, pa mipata 21 onse awiri, anamenya bwino kamodzi kokha. Womenya aliyense amakhala ndi sabata yozizira chonchi, kungoti yawo inagwera pa nthawi yolakwika. Ena ankadandaula kuti masiku asanu opumula omwe matimu apamwamba amapatsidwa amawaziziritsa manja. Ine ndimaona ngati kudzikhululukira chabe.

Ligi itatsekedwa akuluakulu a timu anatsegula thumba. Mu Disembala 2023 anasainitsa Shohei Ohtani wa ku Japan zaka 10 pa madola 700 miliyoni. Taonani nzeru yake: Ohtani anavomera kulandira 2 miliyoni yokha pa chaka, yotsalayo adzalandira mgwirizano ukadzatha, kuti timu igulenso anthu ena. Anabweretsa woponya Yoshinobu Yamamoto pa madola 325 miliyoni, komanso Tyler Glasnow ndi Teoscar Hernández.

Koma musafulumire kunena kuti ndalama zinathetsa zonse. Pofika Okutobala 2024, Ohtani ankangomenya, osaponya, chifukwa anali atachitidwa opaleshoni pachigongono. Glasnow anali wovulala, Kershaw naye chimodzimodzi. Padres yomwe ija inatsogola 2-1, kutsala kamodzi kuti mbiri ibwerezedwe. Mphunzitsi Dave Roberts anasowa woponya woyamba, ndiye anangogawira ntchitoyo oponya olowa m'malo, aliyense kachigawo kake. Anthu omwe mayina awo satchuka kwenikweniwa sanalole pointi ngakhale imodzi, 8-0. Masewero omaliza anayamba Yamamoto, anathera 2-0.

Mu fainolo, yomwe amaitcha World Series, anakumana ndi New York Yankees. Freeman uja wa 2023, akutsimphina ndi bondo la phazi lovulala, anamenya home run ya mapointi anayi yomwe inatseka masewero oyamba. Pa masewero achisanu Yankees inali patsogolo 5-0, kenako Aaron Judge anagwetsa mpira wosavuta kuwakha, zolakwitsa zina n'kutsatira. Dodgers inapambana 7-6 n'kutenga chikho.

Ndalama za Yamamoto zinadzaoneka bwinobwino mu 2025. Pa fainolo ndi Toronto Blue Jays anaponya masewero achisanu ndi chimodzi, mawa lake n'kulowanso osapumula kudzatseka achisanu ndi chiwiri, chikho n'kubwereranso ku Los Angeles.