Mbiri ya kagalasi ka m'mbali mwa galimoto zakale

Lero tikambirane za kanthu kamene ambiri sakalabadira mpaka tsiku limene kasweka. Ndikunena kazenera ka m'mbali, chakumbuyo kwa galimoto zakale monga Volkswagen Beetle, kamene sikatsika kapena kukwera. Wosadziwa mbiri yake amataya ndalama pogula galasi lolakwika, mwinanso n'kuvulaza okwera.

Galimoto zoyambirira zinali ndi galasi wamba, longa la m'mazenera a nyumba. Pa ngozi linkasweka n'kucheka anthu ngati mipeni. Mu 1909 wasayansi wa ku France, Édouard Bénédictus, analembetsa njira yomatira magalasi awiri ndi pulasitiki pakati, kuti likasweka zidutswa zisamwazike. Kampani ya Ford inaika galasi lotere kutsogolo kwa Model A, imene inatuluka mu 1927. M'zaka za m'ma 1930 kunafala mtundu wina, wotenthetsedwa kupitirira madigiri 600 kenako n'kuziziritsidwa mwachangu ndi mphepo. Limeneli likasweka limangonyenyeka timibulu tosacheka kwambiri, ndipo m'kupita kwa nthawi ndi limene linakhazikika m'mazenera a m'mbali.

Apa pali phunziro loyamba. Galasi likatenthetsedwa chotere silidulikanso. Mukayesa kulidula kuti likwane, lonse limaphulika. Choncho liyenera kukhala la muyeso weniweni, ndipo muyesowo umadalira chaka chimene galimotoyo inapangidwa. Beetle inasintha mazenera kangapo. Zenera lakumbuyo kwenikweni linali logawidwa pawiri mpaka 1953, kenako linakhala lozungulira ngati dzira mpaka 1957, pambuyo pake linakula. Mu 1964 kampaniyo inakulitsanso mazenera onse, ndiye galasi la m'mbali la Beetle ya 1960 silingakwane pa ya 1970. Galimotozi zinapangidwa zopitirira 21 miliyoni, ina yomaliza ku Puebla m'dziko la Mexico mu 2003. Kuno kummwera kwa Africa zinkapangidwa ku Uitenhage, ku South Africa, kuyambira 1951 mpaka 1979.

Nanga kagalasi aka kankaikidwa bwanji? Panalibe guluu. Kankagwiridwa ndi mphira wozungulira wokhala ndi mizere iwiri, wina wolowamo galasi, wina wolowamo m'mphepete mwa chitsulo cha galimoto. Mmisiri ankayamba waveka mphira pagalasi, kenako n'kuzunguliza chingwe cholimba mu mzere wachiwiri uja, nsonga zake n'kukumana pansi. Ankapaka madzi a sopo kuti mphira uterere. Mnzake ankakankha galasi ndi chikhatho ali panja, iye ali m'kati akukoka chingwe pang'onopang'ono, ndipo mlomo wa mphira unkadumpha chitsulo n'kugwira. Pochotsa galasi lakale, amisiri odziwa ntchito ankadula mphira ndi mpeni m'malo mokanula galasi ndi sikuludiraiva. Mphira ukakalamba umauma n'kung'aluka, madzi amvula amalowa, chitsulo chimachita dzimbiri. Ndiye asanaike galasi latsopano ankapala dzimbiri lija n'kupenta.

Kuyambira m'ma 1970 makampani anayamba kumata magalasi ndi guluu wolimba. Galasi lomatidwa limathandiza kulimbitsa thupi la galimoto komanso sililowetsa mphepo, koma polichotsa pamafunika waya wodulira ndi zida zina. Luso la chingwe lija linayamba kuchepa, ndipo masiku ano limapezeka kwambiri kwa amakaniko achikulire ndi okonda galimoto zakale.

Tsono ngati kwanu kuli galimoto yotere, musalole munthu kudula galasi la nyumba n'kuikapo chifukwa chotchipa. Pazenera limenelo ndi pamene ana okhala kumpando wakumbuyo amatsamira mutu. Fufuzani chaka cha galimotoyo, gulani mphira watsopano, ndipo yang'anani pangodya ya galasi kachizindikiro kosonyeza kuti ndi la galimoto. Mukapeza mmisiri wodziwa za chingwe, tengani ana anu akaonerere ntchitoyo.